Banja Likamatha: Kwa Ankhoswe, kwa Majisitireti Kapena ku Khothi Lalikulu?

Munthu akaulula kwa abale ake kuti banja lafika pothera, funso loyamba limene amamufunsa ndi lakuti, "Kodi ankhoswe akudziwa?" Funso la chuma limabwera mochedwa, nthawi zambiri patapita miyezi, pamene galimoto yasinthidwa kale dzina, akaunti ya ku banki yaphwa, ndipo chikalata cha puloti chasowa m'sutikesi momwe chakhala chikusungidwa chiyambire. Kuchedwa kumeneku n'komveka, chifukwa munthu amene mtima wake wasweka saganiza za malisiti, komanso kwathu kuno wofulumira kutchula za katundu amaoneka ngati ndiye wakhala akulakalaka kuti banja lithe. Koma njira imene munthu asankha m'masabata oyambirirawo ndi imene imachititsa kuti atuluke ndi gawo lake loyenera kapena atuluke ndi zovala zokha.

Njira zimene anthu amatsata m'Malawi muno zilipo zingapo: kuthetsa nkhani kwa ankhoswe ndi mfumu, kugwirizana awiri mothandizidwa ndi mkhalapakati, kukasuma kwa majisitireti, kupita ku Khothi Lalikulu ndi loya, kapena kungosiyana popanda kuthetsa ukwati. Tisanaziyerekeze, ndi bwino kudziwa chimene lamulo limalonjeza, popeza munthu sangadziwe kuti waponderezedwa pamsonkhano wa pabanja ngati sakudziwa chimene akanapeza kukhothi.

Chimene lamulo limanena

Gawo 24 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali naye limodzi ndi mwamuna wake banja likatha, komanso chithandizo choyenera, poganizira kupeza kwa mwamunayo ndi zosowa za ana. Lamulo la maukwati la 2015, lotchedwa Marriage, Divorce and Family Relations Act, linawonjezera zinthu ziwiri zikuluzikulu. Choyamba n'chakuti ukwati wolembetsa kuboma, wachikhalidwe, wachipembedzo, ndi wa anthu amene angokhalira limodzi kwa nthawi yaitali, maukwati onsewa ali ndi mphamvu yofanana pamaso pa lamulo, ngakhale kuti wotsirizawu amauvomereza ndi khothi lokha, ndipo anthuwo ayenera kuti akhala limodzi zaka zosachepera 5. Chachiwiri chili m'gawo 74, limene limalamula khothi kugawa katundu mwachilungamo poyang'ana malipiro a aliyense, katundu wake, zosowa zake, maudindo ake, msinkhu ndi thanzi lake, moyo umene banjalo linkakhala, ndiponso zimene aliyense anathandizapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Mayi amene sanagwirepo ntchito yolembedwa koma waphika, wachapa ndi kulera ana kwa zaka 20 sayima pamaso pa woweruza chimanjamanja.

Komabe mawu akuti "mwachilungamo" satanthauza kudula pakati nthawi zonse. Mu 2017 khothi la Supreme linafotokoza kuti kukhala pabanja pakokha sikusandutsa katundu aliyense kukhala wa anthu awiri. Payenera kuoneka kuti eni akewo ankafuna kuti katunduyo akhale wa onse, kapena kuti wodandaulayo anathandizapo kuti apezeke. Mbali inayi, mu 2020 Khothi Lalikulu linagamula kuti mayi amene anathandiza mwamuna wake kupitiriza maphunziro, kenako n'kusiyidwa mwamunayo atatukuka, ayenera kulipidwa chifukwa cha thandizo lakelo. Zigamulo ziwirizi zikuloza malo amodzi, ndiwo umboni. Amene angathe kusonyeza zimene anachita, ndi pepala kapena ndi mboni, ali ndi mwayi panjira iliyonse imene tikambe m'munsimu, ndipo amene sangathe adzavutika ngakhale atalemba loya wodula.

Kwa ankhoswe ndi kwa mfumu

Ubwino wa njira iyi ndi wodziwika. Siwononga ndalama zambiri kupatula thiransipoti ya ankhoswe ndi nkhuku ya alendo, nkhani imatha m'masiku ochepa, imakambidwa m'chiyankhulo chimene aliyense akumva, ndipo oweruzawo ndi anthu amene anaona banjalo likuyamba. Atsibweni anu akudziwa kuti malata a nyumba yoyamba anagulidwa ndi ndalama za soya wa m'munda wa mayi anu, ndipo umboni wotere majisitireti sangaudziwe pokhapokha wina atamuuza. Pa mabanja amene chuma chawo ndi mbuzi, njinga, ziwiya, chimanga cha m'nkhokwe ndi nyumba ya njerwa zosaotcha pamalo a makolo, ankhoswe achilungamo angagawe bwino kuposa khothi. Ndiponso amene adzapite kwa majisitireti ndi ukwati wachikhalidwe adziwe kuti kawirikawiri adzafunsidwa ngati ankhoswe anayesapo kuyanjanitsa, choncho njirayi si yoyenera kuilumpha.

Vuto lake lili pa zinthu zitatu, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ambiri amatayira chuma. Loyamba ndi lakuti nkhoswe ndi mbale wa mbali imodzi, ndipo nthawi zina ndi munthu amene amadya m'manja mwa mmodzi wa osudzulanawo. Ngati mwamuna ndi amene amalipirira fizi mwana wa nkhoswe ya kuchikazi, kapena ngati mkazi ndi amene anamangira nyumba nkhoswe ya kuchimuna, chigamulo chimapendekeka msonkhano usanayambe. Akale anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Lachiwiri ndi lakuti mwambo umayang'ana kwambiri mudzi kuposa thukuta. M'madera a chikamwini, monga kwa Achewa ambiri, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, mwamuna amene wamanga nyumba ya njerwa zootcha pamudzi pa mkazi wake amauzidwa kuti atenge bulangete lake azipita, poti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. M'madera a malowolo, monga ku Mzimba, Rumphi, Karonga ndi Nsanje, komanso pa ukwati wa chitengwa, ndi mkazi amene amabwerera kwawo ndi mapoto, n'kusiya nyumba ndi munda umene wautsira manyowa kwa zaka zambiri. Nthaka ya makolo imatsaladi kwa eni ake, koma zimene zamangidwa ndi kudzalidwa pamenepo zili ndi mtengo wake, ndipo wochokayo ali ndi ufulu wopempha kukhothi kuti mtengowo uwerengedwe. M'maukwati a chikamwini makhothi akhala akulamulanso mwamuna kumangira mkazi nyumba kumudzi kwawo ngati sanamange ali pabanja, kapena kupereka ndalama m'malo mwake.

Vuto lachitatu ndi lalikulu koposa: zimene ankhoswe agamula zilibe mano. Ndikukumbukira mayi wina wa ku Chirimba amene nkhani yake inakambidwa pansi pa mtengo wa mango, anthu a mbali zonse alipo, ndipo anagwirizana kuti nyumba ya kutsogolo ikhale ya mayiyo ndi ana, pamene tinyumba tiwiri ta lendi ta kuseri tikhale ta bambo. Anawombera m'manja, anadya nsima, aliyense n'kubwerera kwawo. Patapita zaka ziwiri kunafika munthu wachilendo atanyamula pepala losonyeza kuti wagula puloti yonse, chifukwa m'kaundula dzina linali la bambo yekha ndipo palibe anaganiza zolisintha. Nkhoswe imodzi inali itamwalira, inayo inati siyikukumbukira bwino. Mawu a pansi pa mtengo sasintha dzina pachikalata cha malo, sasintha dzina pa blue book ya galimoto, ndipo banki siwadziwa.

Choncho amene wasankha njira ya ankhoswe aonetsetse kuti zonse zalembedwa tsiku lomwelo, katundu aliyense watchulidwa payekha, onse awiri ndi ankhoswe asayina kapena kudinda chala, mfumu yadindapo chidindo chake, ndipo aliyense watenga kope. Kenako pepalalo lipite kukhothi kuti likasanduke lamulo.

Kugwirizana awiri kudzera mwa mkhalapakati

Pakati pa ankhoswe ndi khothi pali njira ina imene anthu saigwiritsa ntchito mokwanira. Mkhalapakati angakhale m'busa kapena shehe, wothandiza pa zamalamulo wa m'mabungwe monga Paralegal Advisory Service Institute kapena WOLREC, wa ofesi ya zachisamaliro cha anthu paboma, kapenanso maloya a mbali ziwiri atakhala patebulo limodzi. Kusiyana kwake ndi ankhoswe n'kwakuti munthuyu si mbale wa aliyense, ndipo ngati anaphunzira zamalamulo amatha kuuza mbali zonse chimene khothi lingagamule, zimene zimachepetsa kukakamira zosatheka. Zinsinsi za m'nyumba zimakhala zotetezeka, ana samva makolo awo akunyozana pagulu, ndipo ndalama zimene zikanathera kwa maloya zimatsala zogawana.

Mwa njira zonse, iyi ndi imene ndingalangize anthu amene angathebe kukhala m'chipinda chimodzi kwa maola awiri osatukwanana, malinga ngati mgwirizanowo ukaperekedwa kukhothi kuti woweruza auvomereze n'kuulemba ngati chigamulo. Mgwirizano wotere umakhala ndi mphamvu yofanana ndi chigamulo cha mlandu umene unazengedwa mpaka kumapeto, ndipo wina akaphwanya lonjezo, khothi lingatumize masherifu.

Njirayi siyenera banja limene munali nkhanza, chifukwa munthu amene wakhala akumenyedwa amavomera chilichonse kuti achoke msanga pamaso pa womuzunzayo. Siyeneranso pamene mmodzi yekha ndi amene akudziwa za chuma chonse, winayo sanaonepo pepala la malipiro kapena sitetimenti ya ku banki, popeza mkhalapakati alibe mphamvu yokakamiza munthu kuulula zimene wabisa. Ponena za atsogoleri achipembedzo, ambiri a iwo ntchito yawo ndi kumanga banja osati kugawa katundu, ndipo angakuchedwetseni ndi uphungu kwa miyezi pamene mnzanuyo akusamutsa chuma mwakachetechete. Pitani kwa iwo pofuna kuyanjana kapena kutonthozedwa, koma nkhani ya puloti ikhale ndi munthu wina woiyang'anira.

Kwa majisitireti

Maukwati ambiri m'dziko muno ndi achikhalidwe, ndipo oterewa amathetsedwa kukhothi la majisitireti, limene limapezeka m'boma lililonse komanso m'malo ena a malonda. Ndalama zotsegulira mlandu ndi zochepa, kalaliki amathandiza kulemba samani, anthu ambiri amadziyankhulira okha popanda loya, ndipo womasulira amakhalapo. Pamenepa pomwe munthu angapemphenso chigamulo cha amene azikhala ndi ana ndiponso cha chithandizo chawo. Lamulo la ana la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, limayika patsogolo ubwino wa mwana, osati funso lakuti mwanayo ndi wa kuchikazi kapena wa kuchimuna, ndipo linakhazikitsa makhothi a ana amene amamva nkhani zotere. Udindo wosamalira mwana sudalira kuti makolo ake anali pa ukwati wa mtundu wanji, ndipo ndi wa makolo onse awiri.

Kwa amene akuthawa nkhanza, khothi lomweli lili ndi mphamvu yochokera m'lamulo la 2006, Prevention of Domestic Violence Act, yopereka lamulo loteteza wozunzidwa, ngakhalenso lomulola kukhalabe m'nyumba ya banja wozunzayo n'kutulutsidwa. Anthu ambiri sadziwa kuti lamuloli limawerenga kumana mnzako ndalama zofunika pakhomo kapena kumulanda chuma chake ngati nkhanza. Ofesi ya Victim Support Unit kupolisi ndi khomo labwino loyambira, ndipo lipoti la kupolisi ndi la kuchipatala ndi mapepala oyenera kusungidwa bwino.

Malire a majisitireti ndi amene ayenera kuganiziridwa musanasume. Pali mlingo wa ndalama umene khothili silingapyole, ndipo mlingowo umasiyana malinga ndi udindo wa majisitireti amene akumva mlanduwo. Nkhani za umwini wa malo olembetsedwa komanso chiletso choimitsa kugulitsa katundu ndi za Khothi Lalikulu. Zotsatira zake n'zakuti majisitireti angathetse ukwati lero, koma nkhani ya nyumba ya ku Area 25 kapena ku Chibavi n'kuitumiza kumtunda, ndipo munthu amapezeka ali ndi milandu iwiri m'malo mwa umodzi. Ngati chuma chanu chachikulu ndi katundu wa m'nyumba, ziweto, njinga yamoto ya kabaza ndi kagolosale, majisitireti akukwanirani. Ngati pali nyumba ya m'tauni, galimoto zingapo kapena kampani, funsani uphungu wa loya musanalembe samani, ngakhale mutamulipira kwa ola limodzi lokha.

Wodziyimira yekha kukhothi amalakwitsa pamalo amodzi kawirikawiri: amathera nthawi yake yonse akufotokoza za chibwenzi cha mnzake, za mauthenga a pa WhatsApp ndi za mwano wa apongozi, n'kuiwala kutchula katundu. Pansi pa lamulo la 2015, chimene khothi likufuna kuona kuti lithetse ukwati n'chakuti banjalo lasokonekera moti silingakonzekenso, ndipo chigololo, nkhanza kapena kuthawa pakhomo ndi zizindikiro chabe za zimenezo. Zikatsimikizika, nkhani imatembenukira ku ana ndi chuma, ndipo amene wabwera ndi mndandanda wolembedwa, wokhala ndi chaka chimene chinthu chilichonse chinagulidwa ndi kumene ndalama zinachokera, amamveka bwino kuposa amene wabwera ndi misozi yokha.

Khothi Lalikulu, ndi funso la loya

Ukwati wolembetsa kuboma, umene anthu amautcha wa kwa DC, umathetsedwa ku Khothi Lalikulu, limene lili ndi nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye, ndipo limakhala ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Amene anadalitsa ukwati kutchalitchi kapena kumzikiti atenge setifiketi yawo akaonetse kalaliki wa khothi kapena loya, chifukwa khothi loyenera limadalira kuti ukwatiwo unamangidwa motsata lamulo liti, ndipo kusuma kolakwika kumatayitsa miyezi. Kuno chisudzulo chimabwera pawiri, chigamulo choyamba kenako chotsiriza pakapita nthawi, ndipo amene athamangira kukwatira kapena kukwatiwa chotsirizacho chisanatuluke amadziika m'mavuto aakulu, popeza ukwati wa mtundu uwu sulola mitala.

Mphamvu ya khothi ili ndi yakuti palibe katundu amene ali patali ndi dzanja lake. Lingaletse kugulitsa nyumba mlandu uli mkati, lingalamule munthu kubweretsa mabuku a bizinesi yake, lingatume katswiri kukayesa mtengo wa nyumba, ndipo lingalamule kuti dzina la pachikalata lisinthidwe. Mtengo wake ndi nthawi ndi ndalama. Mlandu wolimbana ungatenge zaka, masiku amasinthidwa, fayilo imatha kusochera, ndipo ulendo uliwonse wochokera ku Mchinji kapena ku Chitipa umadya thumba.

Loya wolipidwa amathandiza kwambiri pamene chuma chili chochuluka kapena chobisika, monga pamene galimoto zalembedwa m'dzina la mlamu kapena puloti m'dzina la mwana wa kunja. Musanamupatse ndalama, tsimikizani ku Malawi Law Society kuti ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho, gwirizanani malipiro polemba, funsani ngati akulipiritsa pa mlandu wonse kapena pa tsiku lililonse lokaonekera kukhothi, ndipo tengani lisiti ya ndalama iliyonse. Werengeraninso mosadzinamiza: ngati mukulimbirana firiji ndi mipando ya pabalaza, loya adzadya zoposa mtengo wa katunduyo. Loya mmodzi sangayimire nonse awiri, ndipo amene wauzidwa kuti "ingosayinani apa, loya wanga wakonza zonse" adziwe kuti loyayo ndi wa amene akumulipira.

Kwa amene alibe ndalama pali Legal Aid Bureau, ofesi ya boma imene ili m'mizinda ikuluikulu ndi m'maboma angapo. Amayamba ayesa kapezedwe ka munthu, ndipo ena amapemphedwa kusonkhapo kangachepe. Maloya ake ndi odziwa ntchito ndipo milandu ya mabanja amakumana nayo tsiku ndi tsiku, koma aliyense ali ndi mafayilo ochuluka, choncho wothandizidwayo ayenera kumayendera mlandu wake yekha, kusunga nambala yake, ndi kufunsa tsiku lotsatira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bungwe la maloya achizimayi, Women Lawyers Association, nalonso limathandiza amayi ena kwaulere.

Kungosiyana osathetsa ukwati

Imeneyi ndi njira imene anthu ambiri amatsata osadziwa kuti asankha njira. Wina amapita ku Joni, wina amabwerera kwa makolo, zaka zimadutsa, aliyense amayamba moyo wina. Siwononga tambala lero, koma ndi yodula koposa zonse mawa. Pamaso pa lamulo anthuwa akadali banja, kotero kuti mmodzi akamwalira wopanda wilo, winayo angabwere kudzatenga gawo la chuma cha masiye pansi pa lamulo la 2011, ngakhale atakhala kuti sanaonane kwa zaka 10. Katundu wopezeka atasiyana amasakanikirana ndi wakale, mboni zimamwalira, malisiti amadyedwa ndi chiswe. Amene chipembedzo chawo sichilola chisudzulo ali ndi mwayi wopempha khothi kuti liwalekanitse mwalamulo popanda kuthetsa ukwati, ndipo nkhani ya ana ndi chithandizo ingakonzedwe pomwepo.

Zoyenera kuchita msanga, kaya mwasankha njira iti

Jambulani ndi foni pepala lililonse lokhudza chuma, ndipo makope ake akakhale kwa m'bale wodalirika kapena pa imelo imene mnzanuyo sadziwa nambala yake yachinsinsi: setifiketi ya ukwati, zikalata za malo kapena kalata yogulira puloti yodindidwa ndi mfumu, mapepala a khonsolo kapena a Malawi Housing Corporation, blue book, mapepala a ngongole, malisiti a simenti ndi malata. Pemphani sitetimenti kubanki ndi ya Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa ndalama zimene munkatumizira mmisiri womanga zimaonekera mmenemo. Amene ankagwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Cape Town n'kumatumiza ndalama kudzera ku Mukuru ali ndi umboni wabwino kwambiri ngati asunga mauthengawo. Kabuku ka banki mkhonde kangaoneke kachabechabe, koma ngati kakusonyeza kuti mu Disembala munalandira gawo lanu ndipo mu Januwale munagula zitseko za nyumba, n'kofunika kuposa mboni zitatu.

Ngati malo ndi olembetsedwa ndipo mukuopa kuti agulitsidwa mwamseri, lamulo la Registered Land Act limalola munthu amene akuti ali ndi gawo pamalopo kuika chenjezo lotchedwa caution ku ofesi ya kaundula wa malo, kuti pasachitike kugulitsa kapena kupinyolitsa iye osadziwa. Ngati malowo ndi a kwa mfumu, lembani kalata kwa nyakwawa ndi kwa gulupu yowadziwitsa kuti pali mkangano, ndipo sungani kope.

Tsegulani akaunti yanuyanu yolandirira malipiro ndipo sinthani manambala achinsinsi. Koma musakokolole ndalama zonse mu akaunti ya nonse awiri, musagulitse katundu usiku, ndipo musalembetse galimoto m'dzina la mchimwene wanu, chifukwa zotere zikaululika woweruza amasiya kukukhulupirirani pa china chilichonse. Ngongole nazonso zimagawidwa, ndipo apa pali msampha: ngati munasayinira mnzanu ngongole kubanki kapena ku SACCO, chisudzulo sichikumasulani, ndipo mgwirizano wanu awiri wakuti "ngongoleyo alipira iyeyo" sumanga manja a wobwereketsa. Funsani kuti yatsala zingati, ndipo ngati n'kotheka ilipidwe kuchokera pa katundu wogawanayo musanagawane. Penshoni isaiwalike pamndandanda, poti kwa munthu amene wagwira ntchito zaka zambiri, abwana akusonkha 10 peresenti ya malipiro ake iye akusonkha 5, ndalamazo zingapose mtengo wa galimoto imene mukukanganirana. Nkhani ikatha, sinthani maina a olandira pafomu ya penshoni ndi ya inshuwalansi, ndipo lembani wilo yatsopano.

Nyumba ndi chithandizo cha mwezi ndi mwezi

Patsala zisankho ziwiri zimene zimabwera panjira iliyonse. Pa nyumba, mungagulitse n'kugawana ndalama, mmodzi angagule gawo la mnzake, kapena mungaisiye kuti muzikhala ana ndi kholo limene likuwalera. Kugulitsa kumadula chingwe kotheratu, koma theka la mtengo wa nyumba siligula nyumba ina yofanana nayo, ndipo ndalama zokhala m'manja zimasungunuka. Kugula gawo la mnzanu ndi kwabwino ngati mtengo wayesedwa ndi katswiri wovomerezeka, tsiku lomaliza kulipira lalembedwa, ndipo dzina lisinthidwa ndalama zikangotha kuperekedwa. Mawu akuti "nyumbayi ndi ya ana" amakoma kumva ndipo amathetsa msonkhano mwamtendere, koma ngati sizinalembedwe kuti dzina pachikalata likhala la yani, msonkho wa khonsolo ndi zokonzetsa azilipira ndani, chidzachitike n'chiyani wokhalamo akakwatiranso, ndiponso nyumbayo idzatani mwana wotsiriza akakula, ndiye kuti mkanganowo mwangousungira anawo.

Pa chithandizo, funso ndi lakuti mulandire ndalama kapena katundu kamodzi, kapena muzilandira mwezi ndi mwezi. Kwa mkazi kapena mwamuna payekha, ndimaona kuti kulandira chinthu chogwirika, monga puloti, nyumba ya lendi kapena mpamba wa bizinesi, kumaposa lonjezo la mwezi ndi mwezi, makamaka ngati wolipirayo ndi wabizinesi amene kapezedwe kake sikaoneka papepala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Chithandizo cha ana n'chosiyana, chifukwa ndi ufulu wa anawo ndipo zosowa zawo zimakula pamodzi ndi iwo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mayi amene khothi linamugamulira ndalama yokwanira thumba la chimanga, lendi ndi sopo kumayambiriro kwa 2022 anapeza kuti pofika 2024 ndalama yomweyo siyikufika pakati pa mwezi. N'chifukwa chake ndi nzeru kupempha kuti zinthu zina zitchulidwe ndi maina awo osati ndi chiwerengero cha ndalama, monga kuti bambo azilipira fizi yonse mwachindunji kusukulu, yunifolomu ndi mankhwala, ndiponso kuti ndalama ya chakudya iziunikidwanso chaka chilichonse. Ngati wolipirayo ali pantchito yolembedwa, pemphani khothi kuti ndalamazo zizidulidwa kumalipiro ake. Wolipirayo naye adziteteze potumiza ndalama kudzera kubanki kapena pafoni, osati kupatsira mwana m'manja pageti, kuti tsiku limene adzanenedwe kuti sathandiza adzakhale ndi chosonyeza. Zinthu zikasintha, ntchito ikatha kapena mwana akasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, aliyense wa awiriwa angabwerere kukhothi lomwe linapereka chigamulocho kukapempha kuti ndalamayo ikwezedwe kapena itsitsidwe.